Chimanga Chovala Maduku

Agogo anabwera m'tauni ndi chikwama chimodzi, ndodo, ndi chisononkho cha chimanga m'thumba la jekete. Amene anakawatenga ndi mwana wawo wamkazi, namwino, maliro a mayi ake, akazi a Agogowo, atangotha. Anawauza kuti angobwera madokotala aone mwendo wotupawo, ukapola abwerera kwawo. Agogo anavomera chifukwa cha mawu omalizawo basi. Koma mwendo wa nkhalamba sumva zothamangira. Mphepo yozizira inadutsa, dzuwa linayamba kuwamba, iwo akadali pampando wa pakhonde la nyumba yosanja, maso ali pamadenga a anthu ena.

Kunena zoona, sankazunzika. Anawapatsa chipinda chawochawo, ngakhale ankagonamo limodzi ndi makatoni a mabuku ndi makina osokera amene anafa kalekale. Bedi linali lofewa mpaka kupweteketsa msana. Madzi ankatuluka pakhoma, moto unkayaka ndi chala. Vuto linali lakuti thupi lawo linkadzuka m'mamawa monga linazolowera, manja n'kuyamba kufuna mpini, koma pogwira panalibe. Ankapukwa kwawo, ndipo ankawasowa akazi awo kwambiri. Masiku ena ankatembenuka kuti awauze kanthu koseketsa kamene aona pamsewu, n'kupeza kuti akulankhula ndi makina osokera.

Chisononkho chija chinali mbewu ya malemuwo. Chinali chimanga choyera cha madontho ofiirira apa ndi apo, chimene iwo analandira kwa mayi awo pokwatiwa. Chaka chilichonse, anthu asanayambe kukolola, malemu ankayenda m'munda okha, kusankha zisononkho zabwino, n'kukazipachika kudenga la khitchini kuti utsi uziziteteza. Chaka chomwe anadwala panalibe wosankha, ndipo zokolola zonse zinathera kudyetsa anthu obwera kudzalira. Agogo potseka nyumba anapeza chimodzi chokha chitatsalira pamtanda. Maganizo awo anali akuti mvula ikayandikira abwerere, akachidzale m'munda wa akazi awo, mbewuyo isafe nawo limodzi.

Tsiku lina popisa m'thumba anatulutsa zala zili mbuu ndi ufa. Anankafumbwe anali atalowa. Anachitonola msangamsanga patebulo, kupatula njere zobooka, ndipo zamoyo zimene zinatsala sizinadzaze chikhatho. Anadziwa kuti izi sizingadikire chaka china. Madzulo anafunsa mwana wawo za ulendo, iye n'kuyankha mwaulemu wake wonse kuti chaka chino ayi, dokotala sanalole. Agogo sanatsutse, anangokulunga njerezo m'kansalu.

M'nyumbamo munali mdzukulu wawo wamkazi, wa sitandade 3, amene aliyense ankamutchula kuti Kafunso chifukwa pakamwa pake sipankauma mafunso. Sabata yomweyo anabwera kusukulu atakwiya. Aphunzitsi anali atafunsa kumene ufa umachokera, iye n'kuimika dzanja, n'kuyankha kuti umachokera m'sitolo, shelefu yapansi pafupi ndi shuga. Kalasi inaseka, ngakhale theka la osekawo silinkadziwanso yankho. Mayi ake anaseka mpaka misozi. Agogo sanaseke ayi. Zinawawawa kuti mdzukulu wa mayi amene ankadziwa chimanga ngati ana ake obala angayankhe choncho.

M'mawa mwake anatsika masitepe pang'onopang'ono, ndodo patsogolo, kukaona mwini nyumba. Kuseri kwa mdadadawo, pakati pa mpanda ndi zingwe zoyanikira zovala, panali kachigawo ka dothi kodzala zidutswa za njerwa ndi zitsekerero za mabotolo. Mwini nyumba anawayang'ana ngati apempha kuweta ng'ombe m'bafa, komabe anavomera, bola chimangacho chisamadetse zovala za anthu.

Khasu anabwereka kwa mlonda. Ana a pamdadadapo, omwe ankathamangitsana pamalo oimika galimoto, anayamba ndi kuonerera, kenako kutola miyala, kenako kulimbirana khasulo. Sanachedwe kuwapatsa dzina lakuti Achikumbe, ndipo Agogo ankaitanika nalo mosanyinyirika. Anawaonetsa kukwezera mizere, kuthira manyowa a nkhuku amene anakapempha kwa mayi wina woweta kuseri kwa msika, ndi kuyeza mapando ndi phazi. Mvula yoyamba itagwa anawaletsa kudzala, nati imeneyo ndi yongozimitsa fumbi. Itabwera yachiwiri, yolowa pansi mpaka kutalika kwa dzanja, anamasula kansalu kaja. Mwana aliyense analandira njere zake, ndipo zonse zinalowa m'dothi osatsalako ndi imodzi yomwe.

Agogo anali ndi kaphunzitsidwe kawo, kamene nawonso anaphunzitsidwa nako. Sankanena za mawa lero. Ankakhulupirira kuti mwana ukamuuza chinthu asanachione, mawuwo amalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Kupalira ankakutchula udzu ukamera, mbozi ankazitchula akazipeza pakati pa masamba. Izi zinkamupsetsa mtima Kafunso. Ankafunsa kuti chikakula chidzatani, chimanga chenichenicho chidzatulukira pati, kunsonga kapena kumizu, ndipo yankho linkakhala limodzimodzi.

"Dekha, mdzukulu wanga. Za mawa tidzakamba mawa."

Masiku a mvula yosalekeza sukulu yawo inkasamukira pansi pa masitepe. Tsiku lina anawatuma kuti aliyense akafufuze m'khitchini mwa mayi ake, abweretse chilichonse chimene akuganiza kuti chinachokera ku chimanga. Wina anabwera ndi ufa m'kapu, wina ndi mbuliwuli, wina ndi katoni ya zakudya zam'mawa zothira mkaka ija. Kafunso anabweretsa botolo la mafuta ophikira chifukwa linali ndi chithunzi cha chimanga, ndipo apa Agogo nawo anaphunzirapo, poti sankadziwa kuti chimanga amachifinya mafuta. Kamnyamata kena kanabweretsa dzira. Anzake anayamba kukaseka, koma Agogo anati kameneka ndiye kaganiza kuposa onse, pakuti nkhuku yoikira dziralo inadya gaga.

Kenako anawauza zimene m'makhitchini a m'tauni simupezeka. Anati chimanga sichitayitsa kanthu. Mapesi amamangira mpanda kapena kudyetsa ng'ombe, makoko amalukira mphasa zapakhomo ndi zidole, zisononkho zotonola amasonkhera moto, amatsekera botolo la palafini, amakwechera zidendene zong'ambika. Anati palinso ntchito ina ya chisononkho imene satchula pamaso pa ana olemekezeka, ndipo ana olemekezekawo anaimva bwinobwino, n'kugubuduka ndi phwete. Agogo anasekanso, koyamba chibwerereni. Koma posimba za zidole za makoko anaona m'maganizo manja a akazi awo akupota makoko onyowa pakhomo, n'kusiyira nkhaniyo panjira. Ana anaganiza kuti phunziro latha.

Chimanga chinakula mosayembekezeka. Dothi limene linangogona zaka zambiri pansi pa zinyalala linali ndi mphamvu yake. Chinapitirira ana msinkhu, kenako mlonda, masamba ali biriwiri. Agogo ankatsika m'mawa uliwonse, kuima pakati pa timizere tawoto, n'kutseka maso. Masamba akamakhulana ndi mphepo, phokoso la magalimoto linkapita kutali, ndipo kwa kanthawi ankakhala ali kwawo, akazi awo ali mzere wachiwiri kumbuyo akung'ung'udza nyimbo. Anayamba kuwerengera mumtima kuti zisononkho zikatuluka zabwino adzakhala ndi mbewu yokwanira ngodya imodzi ya munda uja. Munthu wonyamula mbewu sangakanizidwe kupita kukadzala.

Chakudza sichiimba ng'oma. Nsonga za chimanga zitangoyamba kutupa, ngayaye zili pafupi kutuluka, bala la pamwendo linatukusira, thupi n'kutentha. Mwana wawo sanafune zokambirana, anaitana galimoto. Akutsitsidwa pamasitepe, Agogo anamukodola Kafunso n'kumuuza kuti posachedwa chimanga chibereka ana m'mbali mwa mapesi, ndipo anawo awasamale ngati ake. Kafunso anafunsa kuti awasamale bwanji. Agogo anati abwera msanga, adzamuonetsa okha.

Sanabwere msanga. Anawagoneka m'chipinda cha mabedi ambiri, pafupi ndi zenera loyang'ana thanki ya madzi. Ankagona chagada kuwerenga ming'alu ya kudenga, mtima uli kuseri kwa mdadada. Mwana wawo akabwera ndi chakudya, funso loyamba silinkakhala la mankhwala. Iye ankayankha kuti chimanga chili bwino, chamasula, ana sakuchokako. Agogo anamutuma kuti akauze anawo azigwedeza mapesi m'mawa uliwonse mame akauma, poti kamunda kakang'ono kotchingidwa ndi mpanda mphepo siikafika bwino. Chifukwa chogwedezera sananene, ndipo namwino wotopa ndi ntchito sanafunse. Uthenga unafika, ana n'kumagwedeza mokhulupirika.

Tsiku lotuluka m'chipatala anakana kukwera kunyumba asanaone munda. Anazungulira mdadada atatsamira ndodo, Kafunso akudumphadumpha patsogolo, ana ena ali pambuyo. Choyamba kuona chinali ngayaye, zouma kale, zitatha ntchito yake. Kenako anaona mitundu. Mwana wa chimanga aliyense, phesi ndi phesi, anali atavala kansalu kumutu, kofiira, kobiriwira, kamaluwamaluwa, komangidwa bwino ndi mfundo kumbuyo. Zinali zidutswa zochokera m'kabati ya makina osokera aja. Kamundako kankaoneka ngati amayi osonkhana pa msika.

"Mwaona, agogo? Ndawasamala onse," anatero Kafunso.

Anafotokoza mwachangu, mawu akupondana. Anati anawo atangotuluka anamera tsitsi lofewa, lonyezimira, lina loyera lina lofiirira. Koma kumwamba kunkagwa fumbi lachikasu, makamaka akagwedeza mapesi, n'kumadetsa tsitsilo. Ndiye iye analiluka lonse, kulidzoza mafuta pang'ono, n'kulimanga maduku. Tsitsi lina likatuluka, ankamasula, kulukanso, kumanganso. Anzake ankamugwirira mpando kuti afikire ana a m'mwamba.

Agogo anasendera pafupi. Anagwira phesi limodzi, n'kumasula kaduku. Mawu aukali anali atafika kale pakamwa. Koma ataona zimene zinali pansi pa nsaluyo, ukali wonse unawachoka.

Ndevu za chimangazo zinali zolukidwa timizere titatu, ndipo kumapeto kwake sizinamangidwe ndi ulusi kapena mphira. Nsonga inali yopindidwira m'kati, n'kulowetsedwa pansi pa luko lomaliza, kuti isamasuke yokha. Agogo ankakadziwa kamalizidwe kameneka. Ankakaona zaka zonse za ukwati wawo, pamitu ya ana awo, pazingwe zomangira matumba, pazidole za makoko. Panalibe munthu wina amene ankamaliza luko motero.

Anafunsa Kafunso motsitsa mawu kuti anamuphunzitsa ndani kuluka kotero.

"Agogo aakazi, nthawi ija tinapita patchuthi. Anati ukamaliza kuluka uzivala duku, fumbi lisalowe."

Wina anabweretsa mpando uja, Agogo n'kukhala. Anakhala nthawi yaitali atagwira kaluko kouma kaja pakati pa zala. Anali atasunga njere m'thumba miyezi yonseyi poganiza kuti ndi chokhacho chimene akazi awo anasiya, osadziwa kuti china chinkadya nawo patebulo limodzi tsiku lililonse. Chisoni ndi chimwemwe zinawagwira nthawi imodzi, ndipo analira pamaso pa ana a eni ake osabisa nkhope.

Atapukuta misozi anaphunzitsa phunziro limene linachedwa. Anathyola ngayaye youma, n'kuwauza kuti fumbi lachikasu lija si litsiro, ndi mungu. Anati ulusi uliwonse wa ndevuzo umalowa m'kati mpaka pamalo pa njere imodzi, ndipo mungu ukapanda kugwera pa ulusiwo, njereyo siibadwa. Kafunso anayang'ana maduku ake, mzere wonse, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake analibe funso. Agogo anamukokera pachifuwa, namuuza kuti iye anachita zimene anatumidwa, wolakwa ndi mphunzitsi amene anaumira phunziro. Anamasula maduku onse tsiku lomwelo, ngakhale Agogo ankadziwa kuti madzi anali atatayika kale.

Anadikirabe mpaka mapesi anauma, masamba n'kumachita phokoso ngati mapepala. Tsiku lokolola ana anasonkhana opanda phokoso lawo lija. Agogo anasenda chisononkho choyamba, chinali choyera mbee, chopanda njere ndi imodzi yomwe. Chachiwiri chimodzimodzi. Mwini nyumba podutsa anati chimanga cha Achikumbe chafanana ndi m'kamwa mwa mwini wake, koma ataona nkhope za ana anapitirira mwakachetechete. Chachitatu chinali ndi njere ziwiri zitatu kumunsi, zonenepa, zotalikirana. Zinachokera ku timaulusi timene tinkapulumuka m'mbali mwa duku, poti manja a mwana samanga zolimba. Anasenda zonse, kufufuza chimodzichimodzi, ndipo pomaliza njere zimene anapeza zinakwana m'kabokosi ka machesi. Zina zinali ndi madontho ofiirira aja.

Mbewu sinafe, koma sinali mbewu yokwera nayo basi. Inkafunika ichulukitsidwe kaye pompano, chaka china, mwina ziwiri. Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, Agogo anakhala pakhonde kuyang'ana mbali imene kunali kwawo, kuseri kwa madenga ndi mawaya a magetsi. Anayang'ananso mwendo wawo wokulungidwa bandeji. Mwana wawo anali atasiya kunena mawu akuti ukapola, ndipo iwonso anali atasiya kumufunsa. Anaganiza za munda uja, mtengo wa pamalire pamene ankapumira awiri, khitchini yotseka ndi mtanda wake wakuda ndi utsi. Ankafunitsitsa kupondako ngakhale kamodzi, ndipo anadziwa mumtima kuti mwina sadzapondakonso.

Anaitana Kafunso, namukhazika pampando wamng'ono patsogolo pawo. Anamupatsa kabokosi kaja m'manja, n'kumuuza kuti athiremo phulusa pang'ono, akaike m'botolo lotseka bwino, anankafumbwe asakapeze njira. Kenako anayamba kuchokera pachiyambi. Ananena za mvula yoyamba yonyenga ndi yachiwiri yodzalira, za mapando, za kupalira, za mbozi, za ngayaye ndi ndevu ndi kugwedeza mapesi mame akauma. Sanaime pamenepo. Anapitirira ku zimene mwanayo anali asanaonepo: mmene chisononkho chokhwima chimaweramira pansi, mmene amasankhira cha mbewu chikadali paphesi, chodzala mpaka kunsonga, ndiponso kuti njere za pakati ndizo amasunga, za kumapeto amadya. Ananenanso kuti mbewuyi inachokera kwa mayi a agogo ake aakazi, ndipo akadzakula adzapatseko mwana wake.

Kafunso anamvetsera, kabokosi kali pachifuwa. Kenako anakwinya nkhope monga ankachitira funso likamabwera.

"Agogo, bwanji lero mukundiuza za mawa?"

Agogo anamuyang'ana mwanayo, zala zake zing'onozing'ono zija zitafumbata kabokosi ka machesi kaja. M'khitchini mayi ake, amene ankatsuka mbale, anatseka mpopi, ndipo sipanamvekenso mbale ikugunda inzake.

"Tabwereza zonse, ndimve ngati wagwira," anatero Agogo.

Kafunso anakhala tsonga, nayambira pa mvula yoyamba.